Ndinaphunzira ndi ndalama ya mkungudza

M'chipinda changa ku Bangwe muli bokosi lamatabwa limene ndinapita nalo ku sekondale mu 2001. Loko wake anathyoka kalekale, misomali inachita dzimbiri, koma ukangotukula chivundikiro fungo limakuwomba kumaso ngati thabwalo alicheka dzulo. Zovala zimene zagonamo njenjete sizidya, chiswe nacho chimalilambalala. Aliyense wokulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje fungo limenelo amalidziwa. Ndi mkungudza, umene ambiri kwathu amangoti sida. Bokosilo anandikhomera ndi amalume anga, alongo awo a mayi, ndipo fizi imene ndinamanga pa kansalu tsiku lonyamukalo inachokeranso kumtengo womwewo.

Kwathu ndi kufupi ndi Likhubula, m'mbali mwa msewu wochoka pa Chitakale kulowera ku Phalombe. Ndinakula phiri lili pakhomo. M'mawa dzuwa limachedwa kutipeza chifukwa limayamba lalimbana ndi thanthwe la Chambe. Madzi amene tinkamwa, nkhuni zimene mayi ankaphikira, masuku amene tinkatola mvula ikamayandikira, zonse zinkatsika kumeneko. Komabe ndinafika zaka 39 ndisanapondeko pamwamba pake.

Musadabwe. Kwathu kuphiri kunkapita anthu amitundu iwiri basi: wofuna ndalama, ndi mzungu. Wofuna ndalama ankakwera ndi nkhwangwa kapena sowo. Mzungu ankakwera ndi kamera, katundu wake atasenza mwana wa kwathu. Munthu wakuda kukwera chimanjamanja, n'kubwerako chimanjamanja, akulu ankati mutu wake sukuyenda bwino. Ngakhale nditawauza mayi za ulendo wangawu, funso lawo linali lomwelo: “Wataya chiyani kumeneko choti ukachifune?”

Chimene chinandidzutsa ndi nkhani ya mu Julayi 2025, pamene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, kukhala malo achitatu m'Malawi muno pambuyo pa paki ya kunyanja ku Cape Maclear ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Anzanga kuntchito anayamba kundigwira chanza ngati ndapambana ndine. “Phiri lanu lija latchuka! Tatiuzani, pamwamba pake pamaoneka bwanji?” Ndinasowa choyankha. Madzulo ake ndinatsegula bokosi lija, ndinakhala pansi nthawi yaitali, ndipo mwezi wotsatira ndinapempha tchuthi.

Ulendo umayambira pa ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula. Phirili si paki ngati Nyika kapena Liwonde ayi. Ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo boma linailengeza choncho mu 1927. Umalembetsa dzina, kulipira yolowera, kenako n'kutenga wokutsogolera. Amene ananditenga ine anali mnyamata wa mudzi woyandikana ndi wathu, woti bambo ake ndinkawadziwa. Atamva kumene ndimachokera anandiyang'ana kawiri.

“Achimwene, inu a konkuno mukufunanso gaidi?”

“Mphwanga, ndine mlendo kuposa azungu ako aja. Iwo anawerengako m'mabuku.”

Tinadzera njira ya Skyline. Dzinali linabwera chifukwa cha chingwe cha waya chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera ku Chambe kufika kumunsi. Ndi chikweza chosapatsa mpata. Pasanathe ola limodzi malaya anali atanyowa, mtima ukugunda m'makutu. Ndipo m'njira yomweyo, ine ndili wefuwefu ndi kachikwama kopepuka, tinkapatukira amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ena mwana ali kumbuyo, mapazi opanda nsapato akugwira mwala ngati zala za m'manja. Pambuyo pawo panabwera anyamata atatu, aliyense thabwa lalitali pamutu, akuthamanga kaduukaduu chifukwa katundu wotere ukayenda naye pang'onopang'ono amakuthyola khosi. Sanatipatse moni. Munthu wosenza thabwa pamtsetse satembenuza mutu.

Pamenepo ndi pamene ndinawaona amalume. Ndikutanthauza kuti ndinawaona m'maso mwanga monga analili zaka zimenezo. Ankadzuka tambala woyamba asanalire, kutenga nkhata yawo ya sanza ndi mbatata yootcha, n'kulowa mumdima. Nthawi zina ankagonera konko sabata yathunthu, akucheka ndi mnzawo: chipika amachigoneka pa thandala, wina pamwamba wina pansi, sowo ikukwera ndi kutsika, wapansiyo utuchi ukumuthira m'maso tsiku lonse. Akabwera kunyumba thupi lonse linkanunkhira sida, ndipo ife ana tinkakonda kuwakhalira pafupi chifukwa cha fungolo. Pakati pamutu pawo tsitsi linatha, osati chifukwa cha ukalamba koma nkhata. Ine ndinkadziwa kuti amalume amagwira ntchito kuphiri. Kutalika kwa phirilo ndinakudziwa tsiku limeneli, ndi miyendo yanga.

Titatha maola anayi njira inagona, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinkachiyembekeza. Kumunsi timaona phiri ngati khoma, ndiye umaganiza kuti pamwamba pake ndi nsonga yokhayokha. Ayi ndithu. Pamwamba pali dziko lina: madambo otambalala a udzu wofiirira, timitsinje toyera mbee, zigwa, ndi nsonga zambirimbiri zitazungulira ngati mafumu pabwalo. Mphepo yake ndi yozizira, yopanda fumbi. Kumanzere kunali Chambe, amene mbali yake yoyang'ana kwathu ndi thanthwe lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene akatswiri okwera miyala ndi zingwe amalitchula kuti ndi lalitali kuposa ena onse mu Africa. Ndinakulira pansi pa thanthwe limenelo, ndikuliyesa chimwala wamba chotchinga dzuwa.

Ndinamuuza mnyamata uja kuti chimene ndadzera kwenikweni ndi kuona mkungudza uli chiimire. Anangoti, “Tiyeni,” n'kunditengera m'kachigwa kena. Anandionetsa zitsa. Zina zinali zotuwa ngati mafupa, zina zakuda ndi moto, zina zazikulu zoti anthu atatu n'kukhalapo momasuka. Anakanda chimodzi ndi mpeni n'kundiuza kuti ndinunkhize. Linali fungo la bokosi langa.

Mtengo umenewu mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri pano. Ukakula bwino umafika mamita 40, koma umatenga zaka zambirimbiri kuti ufike pamenepo. Azungu anaudziwa kudzera mwa Alexander Whyte, amene anakwera phirili mu 1891, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a zomera amautcha Widdringtonia whytei. Sipanapite nthawi, boma la atsamunda linayamba kuucheka pomangira nyumba, popeza thabwa lake siliola ndipo chiswe sichiliyandikira. Akunyanja nawo anaukonda pokhomera maboti. Mu 1984 Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ndiye mu 2017, akatswiri atayendera phiri lonse kuwerenga mitengo ikuluikulu yobereka njere imene inatsala, anapeza isanu ndi iwiri. Sindinalakwitse polemba: 7.

Unatha bwanji? Kwa zaka zambiri lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, munthu atatenga chilolezo. Lamulo looneka lanzeru, koma anthu anapeza njira yake. Mtengo wamoyo ankausenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena kuusonkhera moto, n'kubwerako chaka chinacho utauma, ndipo tsopano unali wololedwa. Pambuyo pake ngakhale zodikira kuti uume zinatha, anthu ankangogwetsa. Moto wa osaka nyama, umene umayatsidwa chilimwe chilichonse, unkapsereza timitengo tating'ono tisanafike pena paliponse, pakuti mkungudza waung'ono sulimba kumoto. Kunabweranso nsabwe za m'mitengo zochokera kunja zimene zinaumitsa ina. Ndipo paini wa ku Mexico amene atsamunda anadzala ku Chambe anafalikira yekha n'kuyamba kulanda malo, mpaka anthu anachita kulembedwa ntchito yomudula.

Ndamvapo anthu a m'tauni akunena kuti anthu a ku Mulanje ndi owononga, anadya chuma chawo chomwe. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa wosenza thabwa ndi amene ankalandira zochepa kuposa wina aliyense. Amalume sanamangepo nyumba ya malata ndi ndalama ya sida. Malole amene ankabwera usiku kudzanyamula matabwawo sanali a m'mudzi mwathu, ndipo zitseko ndi madenga a mkungudza zili m'nyumba za anthu amene sanaponde Skyline chibadwire. Koma sindingathenso kunena kuti ife tilibe mlandu. Nkhwangwa inali m'manja mwathu. Ndipo ine amene ndikulemba pano, Chingerezi chimene ndimadyera, satifiketi imene ili m'bokosi lomwelo, zinagulidwa ndi zitsa zimene ndinaziona tsiku limenelo. Ndinaima pamenepo osadziwa ngati ndipepese kapena ndithokoze.

Tinagona ku nyumba ya alendo ya ku Chambe. Paphiri pali nyumba zoterezi pafupifupi khumi, monga Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, ndipo iliyonse ili ndi mlonda amene amakutungira madzi ndi kukusonkhera moto. Chakudya ndi zofunda umanyamula wekha. Ine ndinatenga ufa, usipa, tomato ndi masamba a tiyi, ndipo nsima ya usiku umenewo sindidzaiwala.

Za nyama ndinene zoona: amene akufuna njovu ndi mikango apite ku Majete. Kuno kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumunsi m'nkhalango tinaona apusi ndi anyani. Pamwamba, m'mawa dzuwa likangowomba pamiyala, mbira zimatuluka kudzaothera, ndipo mukayandikira imodzi imalira mokuwa zonse n'kulowa m'ming'alu. Akhungubwi a khosi loyera amakuzungulirani podikira nyenyeswa. Tsiku lachiwiri, tili panjira yopita ku Chisepo, mnyamata uja anandigwira mkono mwakachetechete n'kuloza ndi mlomo. Pamwamba pa mwala panaima chinkhoma, kambawala ka m'miyala, miyendo yonse inayi itasonkhana pamalo osaposa chikhatho changa, chitaima ndi nsonga za ziboda. Chinatiyang'ana, ife n'kuchiyang'ana, kenako chinadumpha katatu pathanthwe loti munthu sangaimepo n'kuzimirira. Iye anati masiku ano zimaoneka mwa apo ndi apo chifukwa cha misampha ndi agalu a osaka. Akambuku akuti alipobe, koma chimene anthu amaona ndi ndowe zawo zokhala ndi ubweya wa mbira.

Chimene chinandikondweretsa koposa ndi kanthu kakang'ono. M'nkhalango za phirili muli mtundu wa bilimankhwe umene supezeka kwina, ndipo akatswiri poupatsa dzina la sayansi anatenga mawu athu omwe: Nadzikambia mlanjensis, kuchokera ku nadzikambe. Tili ana tinkamuthawa nadzikambe, ena kumuponya miyala. Lero dzina limene agogo ankamutchula lili m'mabuku a sayansi a dziko lonse, pamodzi ndi dzina la boma lathu.

Ku Chisepo kumazizira zenizeni. Usiku tinaunjikana pamoto ndi mlonda, bambo wachikulire wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, ndipo nkhani inafika pa Sapitwa. Dzinalo limadzinenera lokha: kumalo kosapitidwa. Tonse a kuno tinakula tikumva malamulo ake. Ukapeza nthochi zakupsa kapena chakudya chokonzakonza panjira, idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Usaloze chala mwachipongwe, usatukwane, usadzitame kuti phiri ukulidziwa. Akulu ankasimbanso za anthu aafupi amene anali eni dziko lino Amang'anja, Ayao ndi Alomwe asanafike, aja ankafunsa kuti “Mwandionera pati?”, ndipo ankati mizimu yawo inatsalira kumtunda kuno.

Ndinawafunsa bambowo ngati amakhulupirira zimenezi.

“Mwana wanga,” anatero akusonkhezera chikuni, “ine ndimapemphera, ndine wa mpingo. Koma zaka zonse ndakhala kuno sindinaonepo munthu waulemu atasowa. Amasowa ndi othamanga, okana kuuzidwa.”

Anakumbutsa za mtsikana wa ku Netherlands amene anakwera yekha mu 2003 ndipo sanapezeke, ndi mnyamata wa ku Brazil amene anamwalira mu 2009 atapitirira yekha kunsonga. Nyengo yozizira kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zochokera mbali ya ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone. Chimafika mosagogoda. Kumene kunali kowala, pakangopita mphindi zochepa sungaonenso dzanja lako, miyala imaterera, ndipo kuzizira kwake kumapha. Ine sinditsutsana ndi amene amati ndi mizimu kapena amene amati ndi nyengo. Onsewo akunena chimodzi, kuti uku si koyenda wekha. Ndipo ndinazindikira kuti UNESCO polemba phirili inatchula kwambiri zomwezi, chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, zimene ena a ife tinaphunzitsidwa kuchita nazo manyazi.

Tinanyamuka kusanache. Njira ya ku Sapitwa si njira kwenikweni, ndi miyala yosanjikizana. Pena umakwawa ndi manja ndi mawondo pathanthwe lopendekeka, pena umalowa m'mphako pansi pa chimwala chachikulu ngati nyumba, chikwama ukuchikankha kutsogolo. Kawiri konse ndinafuna kubwerera. Mnyamata uja sanandinyengerere ndi mawu ambiri, ankangoti, “Pondani apa, achimwene. Tsopano apa.” Dzuwa litakwera tinafika pa chipilala cha simenti chimene chili pansonga, mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. M'Malawi monse mulibe malo okwera kuposa pamenepo.

Mitambo inali pansi pathu. Itang'ambika ndinaona nyanja ya Chilwa ikunyezimira kumpoto, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Michesi. Pakati pa Michesi ndi Mulanje pali mpata umene kale munkadutsa anthu ogwidwa ukapolo popita nawo kunyanja yamchere, ndipo ndi pamene atsamunda anamanga linga la Fort Lister mu 1893 kuti atseke njirayo. Mbali inayo kunali minda ya tiyi, yobiriwira ngati mphasa yoyala. Tiyi wa kuno anayamba kudzalidwa mu 1891, ndipo amakula chifukwa cha mvula imene phirili limakoka.

Uli pamwamba pamenepo ndi pamene umamvetsa kuti phirili ndi mtsuko. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Phalombe, Sombani, Muloza, yonseyi imabadwira pano, poyamba ngati timadontho totuluka pansi pa udzu. Ku Bondo anthu amayatsa magetsi opangidwa ndi madzi a Lichenya. Madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi mpaka kukamwedwa ku Blantyre, mwina ndi omwe ndimatunga pampopi ku Bangwe. Koma mtsuko womwewo ukasweka umapha. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika ku Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kutha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yoyera ngati chilombo chinakanda ndi zikhadabo. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa mvula yoopsa ngati imene ija. Koma aliyense amene analimapo pamtsetse akudziwa kusiyana kwa nthaka yogwidwa ndi mizu ndi nthaka yambulanda.

Pobwerera tinaona chimene chinandipepukitsa mtima pang'ono. M'malo ena otetezedwa ndi mizere yotchinga moto muli timikungudza tobiriwira, tina tofika m'chiuno, tina topitirira mutu wanga. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi akatswiri ena, linathandiza midzi yozungulira phiri kukhazikitsa manazale, ndipo mbande mazana a zikwi zakwera phirili pamitu ya anthu, m'njira zomwe zija matabwa ankatsikira. Zambiri zimafa, makamaka ndi moto. Mnyamata uja anandionetsa malo amene anadzala nawo iye mwini, theka lake lili lakuda bii. Anati chaka chamawa adzadzalanso. Iye salankhula za chilengedwe ngati a pawailesi. Amangoti alendo akasiya kubwera, iye ndi anzake onyamula katundu adzabwerera ku nkhwangwa, ndipo sakufuna.

Tinatsikira njira ya Chapaluka, yotsata mtsinje, mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mathithi amagwera m'dziwe lakuya lozizira ngati madzi a m'firiji. Akulu amati kale pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndipo anthu ankathirapo nsembe popempha mvula. Tsikulo panali ana a sukulu, achinyamata a kwaya ochokera ku Limbe, ndi banja lina likuotcha nyama. Onsewo anali Amalawi, ndipo zinandisangalatsa. Chaka ndi chaka kumakhalanso mpikisano wa Porters Race, wothamanga makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa mtunda umene munthu ngati ine angayende tsiku lonse. Koma ambiri a ife timathera padziwe pomwepo, kujambulitsa, n'kubwerera. Ndikanakonda aphunzitsi a m'masukulu ozungulira phiri akanamakwera ndi ana awo mpaka ku Chambe, ngakhale kamodzi kokha asanamalize Sitandade 8, kuti mwana aone kumene madzi a kwawo amabadwira, aonenso zitsa.

Sabata yotsatira ndinabwereranso kumudzi, ulendo uno nditanyamula bokosi lija pa minibasi. Amalume tsopano ndi okalamba, khosi silitembenuka bwino ndipo mawondo anawatha. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana kuphiri monga amachitira madzulo alionse.

“Ndamva kuti unakafika pa Sapitwa.”

“Ndinakafika, amalume.”

“Ine zaka zonse zija sindinapondepo. Kunalibe mitengo kumeneko.” Anaseka pang'ono, kenako anafunsa, “Nanga ija ya m'chigwa cha kuseri kwa Thuchila, ikuluikulu ija, ilipo?”

Ndinawauza zoona, kuti mnyamata uja anati yonse inatha, ndipo ine ndaona zitsa zokhazokha. Ndinawauzanso za timitengo tating'ono tija. Anafunsa kuti tafika pati, ndinaloza m'chiuno. Anagwedeza mutu osanena kanthu.

Ndinawaikira bokosi pamiyendo. Analisisita ndi chikhatho, kutsata mizere ya thabwa ndi chala, n'kutsegula. Anaweramira mkati, maso atatseka, nthawi yaitali ndithu mpaka mayi anatuluka m'khitchini kudzaona chimene chatichititsa zii.

“Uwu ndikuukumbuka,” anatero. “Tinaugwira anthu anayi, manja osakumana. Tinaucheka masabata atatu, ine ndi malemu mnzanga uja. Thabwa ili ndinalipatula dala chifukwa linalibe mfundo, ndinati likhale la mwana wa mlongo wanga.”

Ndinawafunsa kuti mtengo wonsewo unawapatsa ndalama zingati.

Anawerenga pa zala, milomo ikugwedera. “Fizi yako ya matemu awiri,” anatero. “Ndi thumba limodzi la feteleza la mayi akowa.”